Digiri Yomata Pulasitiki

Pa msewu wotsetsereka wopita ku maofesi a boma pali kashopu kopanikizika pakati pa wosoka nsapato ndi wokonza mafoni. M'katimo muli makina atatu: a fotokope, osindikizira, ndi ena aang'ono omatira pulasitiki pa mapepala, kuja anthu amati kulamineta. Kuseri kwa kauntala kumaima mayi wochepa thupi, wa zaka makumi awiri ndi zisanu, amene makasitomala amangomutcha sisi wa makina. Kunyumba ndi amake Tsabola.

Tsabola ndi mwana wake wamkazi, wa zaka ziwiri ndi theka. Dzinali anam'patsa ndi aneba, ati ali wakhanda ankalira mpaka nawonso maso kuyabwa. Masiku ano salira kwambiri. Chimene chimalira ndi chifuwa chake. Kukangozizira pang'ono chimayamba kuimba likhweru, choncho amake amayenda ndi kamankhwala kopopera m'kamwa m'thumba la epuloni, pamodzi ndi lezala ndi tizitsulo ta sitepula. Masana mwanayo amagona pansi pa kauntala, pa katoni yoyalapo nsalu. Amake akamagwira ntchito, khutu limodzi limakhala pa makina, linalo pa katoni.

Sukulu analekezera fomu 3. Zina zonse anaphunzirira pa galasi la makina a fotokope. Mapepala a anthu amadutsa m'manja mwake kuyambira hafu seveni mpaka faifi, ataimirira mpaka mapazi kutupa, ndipo maso alibe mpanda. Amadziwa amene wachotsedwa ntchito mwini wake asanatsegule pakamwa. Amadziwa amene akukasuma ndi amene wasumiridwa. Koma amene amawadziwa bwino zedi ndi aja ofuna kukaphunzira kunja. Mapepala awo amabwera katatu. Koyamba eni ake amabwera ndi masatifiketi, atatchena, akuseka ndi aliyense. Kachiwiri amabwera ndi pasipoti, ali pa liwiro, foni ili kukhutu. Kachitatu sabwera iwo. Pakapita chaka kapena ziwiri amabwera akazi awo, mwana kumbuyo, atanyamula kalata yofuna makope atatu, ndipo amaiika okha pa galasi kuti sisi wa makina asaigwire.

Si onse ayi. Ena amabwereradi kwawo, atanenepa, jekete lili pamkono. Koma amake Tsabola sasunga nkhope za amenewo. Bambo ake omubereka anachoka iye ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, kukagwira ntchito kudziko lina. Anatumiza chithunzi chimodzi, ataima pambali pa galimoto ya eni ake. Basi. Chithunzicho chikadalipo pansi pa sutikesi, chomata pulasitiki.

Mwamuna wake ndi mphunzitsi wa masamu ku sekondale. Anakumana pa kauntala pomwepo. Aphunzitsiwo ankabwera Lachisanu lililonse ndi mayeso a ana, ndipo ankachita dala kuiwala tsamba limodzi kuti apeze pobwererera Loweruka. Atakwatirana anapeza nyumba ya zipinda ziwiri, yabwinobwino poiona m'chilimwe. Mvula yoyamba inawaonetsa kuti denga linali sefa. Madzi anadonthera pa sutikesi ya mapepala, malipoti a kusukulu a mkaziyo anasanduka matope, ndipo envelopu ya digiri ya aphunzitsi inanyowa ngodya imodzi. Digiri yeniyeniyo inapulumuka mwamwayi.

M'mawa mwake amake Tsabola, amene nthawiyo anali ndi pakati, anaitenga digiriyo mwakachetechete n'kupita nayo ku shopu. Anasankha pulasitiki yokhuthala kuposa zonse, ija amasungira makasitomala olemekezeka, anadikira makina atenthe bwinobwino, n'kuilowetsa mosamala ngati akuika mwana m'bafa. Inatuluka yowala, yolimba gwa, yopanda thovu ngakhale limodzi. Inali mphatso yoyamba imene anapatsa mwamuna wake. Aphunzitsi anaigogoda ndi chala, anaiika pansi pa mpopi dala, n'kuseka.

"Uyu ndiye mkazi! Tsopano ngakhale chigumula chibwere, ine ndine wophunzira basi."

Anaikoleka pa msomali pabalaza. Tsabola atayamba kuyenda anaiwaza tiyi kawiri, ndipo kawiri konse anangoipukuta ndi kansanza.

Nkhani ya kunja inalowa m'nyumbamo pang'onopang'ono, ngati chinyontho chokwera khoma. Aphunzitsi anali ataphunzitsa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ankati choko chawafika m'mafupa. Anagula kope lachikuto cholimba n'kulemba mizere ndi rula: mzere wa dzina la dziko, wa mphamvu ya mayunivesite ake, wa zaka za maphunziro, wa bungwe lothandiza ophunzira. Loweruka lililonse akamaliza kuchonga ankakankhira makope a ana pambali n'kutsegula lawolo. Mndandanda wa mayunivesite a dziko lonse lapansi, kuyambira yapamwamba kutsika, anawasindikizira ndi amake Tsabola yemweyo, masamba khumi ndi limodzi. Aphunzitsi ankaudula mizere ndi cholembera chofiira chija amachongera masamu.

Maiko anayamba ali asanu ndi awiri, kenaka anatsala atatu, ndipo m'nyumbamo anali ndi maina awoawo. Loyamba ankaliti Kozizira, ndipo mayunivesite ake anadzaza tsamba loyamba la mndandanda. Lachiwiri ankaliti Kwa Chinenero, poti kumeneko umayamba wakhala chaka chathunthu ukuphunzira kupereka moni usanagwire buku la masamu. Lachitatu linali Kwa Aneba, dziko lochita nalo malire, limene yunivesite yake yabwino inali pa tsamba la naini, cha kumunsi, pamene inki inali itayamba kutha.

Woweruza wamkulu pa nkhaniyi anali alamu ake, akulu awo a aphunzitsi, dalaivala wa pa bungwe lina. Iwowa ndege sanakwerepo, koma poti ndi amene amakatenga alendo ku bwalo la ndege, za kunja amazidziwa zonse.

"Mng'ono wanga, usandichititse manyazi," ankatero, atakhala pampando wabwino, nsapato atavula. "Kwa Aneba n'kunja kumeneko? Kunja kopita pa basi, nkhuku ili pansi pa mpando? Anthu akadzandifunsa kuti mng'ono wanu ali kuti, ndidzaloze ndi chala kuseri kwa phiri?"

"Maphunziro ndi amodzi, achimwene."

"Amodzi bwanji? Tsamba wani ndi tsamba naini n'zimodzi? Iwe mwana akapeza naini pa handiredi umamupatsa mphoto? Alamu, muuzeni mwamuna wanuyu. Mapanga awiri avumbwitsa."

Amake Tsabola ankangothira tiyi. Koma Loweruka lina alamu atapita anaima kumbuyo kwa mwamuna wake, mwana ali m'chiuno, n'kuyang'ana kope lija nthawi yaitali.

"Bambo a Tsabola, mizere yonseyi ndaiona. Nanga mzere wa ife uli pati?"

Aphunzitsi anatenga rula n'kulemba mzere wina kumapeto, wopyapyala poti malo anali atatha. Pa Kwa Chinenero analemba kuti zaka zitatu, banja mwina pambuyo pake. Anayang'ana mawuwo, n'kulidula dzikolo ndi mzere wofiira. Pa Kwa Aneba analemba kuti zaka ziwiri, tsiku limodzi ndi theka pa basi, holide iliyonse kunyumba. Pa Kozizira cholembera chinaima kaye m'malere. Kenaka analemba timalemba ting'onoting'ono: zaka ziwiri, banja salola, kubwera n'kumapeto.

Usiku umenewo ndi masiku otsatira nkhaniyo sanaiyambenso. Mafomu anapita konse kuwiri. Amake Tsabola ndiye anawapanga makope, kuwasanja ndi kuwamenya sitepula, ndipo popemphera sankadziwa chopempha.

Mayankho anabwera m'sabata imodzi yomweyo, onse ovomera. A Kwa Aneba anangofuna fotokope ya digiri basi. A Kozizira anafuna digiri yeniyeniyo, yodindidwa kumbuyo ndi ofesi ya boma yoona za mapepala, kenaka ikaonetsedwe ku ofesi ya kazembe wawo lisanadutse Lachisanu la sabata yachiwiri. Alamu atamva anaimba hutala kuyambira pa msewu mpaka pakhomo.

Amake Tsabola anaiwerenga kalata ya Kozizira pamene ankaipanga fotokope. Anafika pa mawu oti chidindo kumbuyo, n'kuima pomwepo. Anali ataonapo anthu akubwezedwa ku ofesi ija, satifiketi yowala ili m'manja, nkhope zitagwa. Anadziwa. Anaibweza kalatayo mu envelopu, n'kuipereka kwa mwini wake. Anakhala chete masiku asanu ndi atatu. Masiku amenewo anagona bwino kuposa miyezi yonse ya kope lija, ndipo zimenezi zinkamuchititsa manyazi.

Lachinayi masana aphunzitsi analowa mu shopu thukuta lili kamukamu, tayi atamasula. Anaika digiri pa kauntala, ndipo inalira ngati mbale.

"Akana. Ndaima pa mzere kuyambira m'mawa, kalaliki wangoigogoda patebulo n'kundifunsa kuti, bambo, chidindo ndidinde pati, pa ndowa? Anthu onse pa mzere kuseka. Akuti safuna chomata, sangadziwe ngati pepala lili m'katimo ndi lenileni."

"Nanga kukatenga ina ku yunivesite kwanu?" anafunsa motero Madamu, mwini shopu, mayi wonenepa amene amakhala pakona ndi fani yakeyake.

"Ndaimba. Miyezi itatu, mwinanso inayi. Ine ndatsala ndi sabata."

Madamu anavula magalasi n'kuloza nawo.

"Ndiye mukulira chiyani, aphunzitsi, dokotala mumagona naye nyumba imodzi? Manja a sisiyu amasenda zimenezi. Wasendapo zitatu muno ine ndikuona. Ziwiri zinatuluka bwinobwino."

"Nanga yachitatu?"

"Aa, yachitatuyo dzina la munthu linatsalira pa pulasitiki. Koma imeneyo inki yake inali yachabechabe."

Aphunzitsi anatembenukira kwa mkazi wawo. Amake Tsabola anali atawerama, akukonza nsalu ya pa katoni imene sinafunike kukonza.

Loweruka alamu anabwera kudzaona maliro a digiri. Anaitenga, anaitembenuza, anaipinda pang'ono n'kuisiya iwongoke yokha.

"Koma alamu ndinu katswiri. Akazi ena amavutika kupita kwa asing'anga kuti mwamuna asachoke pakhomo, inu mwangomumata pulasitiki basi. Ndiuzeni mtengo wake, nanenso akazi anga asamve."

Anaseka okha. Amake Tsabola anamwetulira monga mlamu amayenera kumwetulira, koma mawuwo anamulowa ngati minga ya m'chidendene.

Ntchitoyo anaigwira Lamulungu masana, magetsi alipo. Anapukuta tebulo kawiri, anayalapo thaulo, anatenga lezala latsopano, mpango woyera ndi simbi. Anali atawauziratu alamu kuti asabwere. Aphunzitsi anakhala pa mpando wa pakhomo, Tsabola ali pamiyendo, atalamulidwa kuti asayandikire ndiponso asapume mokweza.

Anayamba ndi kudula m'mphepete monse, pamene mapulasitiki awiri amagwirana, kutsata pepala osalikhudza. Kenaka anaitembenuza. Kumbuyo sikuvuta, kulibe malemba. Anaika mpango, anayendetsa simbi yofunda pang'ono, anatukula ngodya ndi nsonga ya lezala, ndipo pulasitiki inayamba kusiya pepala ikulira ngati munthu woyamwa mano. Theka la ola, kumbuyo kunayera.

"Eee, zatheka!" anatero aphunzitsi akudzuka.

"Khalani pansi. Sitinayambe."

Kutsogolo ndiko kuli mlandu. Guluu wa pulasitiki amagwira inki kuposa mmene inki imagwirira pepala. Simbi ikazizira kwambiri pepala limang'ambika. Ikatentha kwambiri inki imafewa, ndipo ukakoka mwachangu malemba amanyamuka onse n'kupita ndi pulasitiki. Pamafunika kufunditsa kachigawo kochepa ngati chikhadabo, kutukula, kudikira, kufunditsanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anadutsa maluwa a m'mphepete. Anadutsa chizindikiro cha yunivesite. Anadutsa mizere iwiri ya malemba opiringizika. Khosi linauma, msana unayamba kuyaka, ndipo dzuwa linachoka pa zenera n'kufika pa mwendo wa tebulo.

Kenaka anafika pa dzina.

Linali pakati penipeni, la malemba akuluakulu akuda, inki yake yokhuthala kuposa pena paliponse. Zala zake zinadziwa zochita. Zinadziwanso china: kusiya simbi pamenepo kanthawi kongokwana kupuma katatu, kenaka kukoka kamodzi. Basi. Madamu anali atanena kale pamaso pa mwini wake kuti imodzi mwa zitatu imalephereka. Palibe akanamuloza chala. Aphunzitsi akanakhumudwa mwezi umodzi, alamu akananyoza miyezi iwiri, kenaka basi ya Kwa Aneba, ndipo holide iliyonse munthu ali pakhomo.

Tsabola anatsokomola. Kunali kutsokomola wamba, koma pamapeto pake panamveka kalikhweru kaja, kakang'ono ngati ka ketulo ya kwa aneba. Amake anaimika simbi chilili n'kuchotsa manja patebulo.

"Bambo a Tsabola."

"Yang'ambika?"

"Ayi. Kalata ija ndinaiwerenga tsiku lomwe munabwera nayo. Ndinadziwa kuti pulasitiki akaikana. Ndinakhala chete."

Aphunzitsi anamuyang'ana ngati mwana wapereka yankho lochokera m'buku lina.

"Masiku onse aja?"

"Eyiti."

"Ndiye unandisiya ndikaime pa mzere, anthu akandiseke?"

"Ndinakusiyani. Ndipo pano ndafika pa dzina lanu. Ndikangotenthetsa n'kukoka, lichoka lonse, ndipo inu simungadziwe kuti ndachita dala. Kuyambira m'mawa mutu wanga uli pamenepo. Ndati ndikuuzeni, chifukwa ndatopa kuganiza ndekha."

Tsabola anatsika pamiyendo ya bambo ake n'kuyamba kusewera ndi tizidutswa ta pulasitiki tinagwa pansi.

"Inenso ndatopa, amake Tsabola," anatero aphunzitsi patapita nthawi, mawu ali pansi. "Zaka naini ndikufufuta bolodi lomwe lija. Ana amene ndinawaphunzitsa fomu wani pano amaima ndi galimoto n'kumati, sala, kwerani tikusiyeni. Ndimakwera, ndimaseka. Kamodzi kokha m'moyo wanga anthu a tsamba loyamba andiitana ndi dzina. Ine si bambo ako, sindikuthawa."

"Nawonso tsiku limene ankakwera basi sanali munthu wothawa. Anandigulira nsapato."

"Ndiye ndilumbire pa chiyani?"

"Musalumbire. Ndiuzeni chimodzi chokha. Chifuwachi chikadzayamba, mwanayu akadzachita bii milomo ngati chaka chatha, ine ndidzagogoda chitseko cha ndani?"

Aphunzitsi anadzuka, anatenga kope lija pa shelefu pamodzi ndi cholembera chofiira, n'kuziika pa thaulo pafupi ndi dzanja la mkazi wawo.

"Dula dziko limene ukufuna. Ndipita kumene kwatsalako. Sindidzakunena."

Apa ndi pamene amake Tsabola anapsa mtima, koyamba pa nkhani yonseyi.

"Chotsani chimenechi! Mukufuna kundisenzetsa ine? Simudzanena ndi pakamwa, inde. Muzidzangokhala pampandopo n'kumayang'ana msomali uwo, ine n'kumathira tiyi. Ndimawaona anthu otero ku shopu. Chaka chilichonse amabwera ndi satifiketi yomweyo, makope awiri sisi, tsitsi likuyera, sapita kulikonse. Akazi awo sindiwadziwa, koma ndimawamvera chisoni."

Anakankha kopelo mpaka linagwa pansi. Anakhala kanthawi atagwira m'mutu. Anali ataona mitundu iwiri yonse ya mapepala, a akazi osiyidwa ndi a amuna otsalira, ndipo panalibe mtundu umene ankaufuna m'nyumba mwake. Koma umodzi wokha ndi umene ukanapangidwa ndi manja ake.

Anagwira simbi ndi kuseri kwa chala. Inali itazizira. Anaiyatsanso, anadikira, anayesa pa thaulo.

"Mutengeni mwanayo, angameze pulasitiki. Ndipo musandilankhule mpaka nditamaliza."

Dzinalo linamutengera ola lathunthu. Ankafunditsa chilembo chimodzi, kutukula, kupuma. Pa chilembo chachinayi inki inayamba kunyamuka, ndipo anabwezera pulasitiki pansi, anadikira izizire, n'kuyambira mbali ina. Thukuta linkatsikira m'maso koma sanapukute, kuopa kudonthezera pepala. Atadutsa dzina panatsala masaini awiri a pansi, ndipo mchira wa saini imodzi unapita ndi pulasitiki, kachidutswa kochepa ngati nsidze imodzi. Cha m'ma faifi pepalalo linagona lokha pa thaulo, lofewa, lotuwa, lomata pang'ono ukaligwira, looneka lokalamba kuposa mwini wake.

Aphunzitsi anafuna kunena mawu. Iye anangoimika dzanja, n'kupita kukagona chafufumimba pa bedi, nsapato zili kuphazi.

Lolemba kalaliki uja analinunkhiza pepalalo, analiyang'anira ku dzuwa, anadandaula kuti likumata zala, kenaka anadinda. Lachitatu a kazembe analandira. Patatha miyezi iwiri alamu anakasiya mng'ono wawo ku bwalo la ndege, ndipo kwa nthawi yoyamba analowa m'kati monyada ngati wachibale, osati dalaivala.

Amake Tsabola akadali pa kauntala paja. Mapazi amatupabe ikamakwana thili koloko. Sabata yatha kunabwera mnyamata wa digiri yatsopano, inki isanaume n'komwe, akufuna pulasitiki yokhuthala kuposa zonse.

"Musamate, achimwene. Gulani envelopu yolimba, muziika pamwamba pa kabati."

"Koma kwathu kumadontha, sisi."

"Ikani m'jumbo, mumange. Tsiku lina mudzandithokoza, kapena akazi anu adzanditukwana."

Mnyamatayo anatuluka asakumvetsa, ndipo Madamu anadandaula kuchokera pakona kuti sisi ameneyu atsekesa shopu ndi ulaliki wakewu.

Aphunzitsi amaimba Lamulungu lililonse masana, nthawi imene kwawoko kukucha kumene. Amati kuzizira kwake kumaluma makutu, amati aphunzitsi awo amavala kabudula ndipo amafuna kutchulidwa dzina lenileni, amati masamu ake ndi ovuta moti nthawi zina amamva chisoni ndi ana onse amene anawapatsa ziro. Tsabola amanyambita foni. Mpaka pano Malamulungu akwana khumi ndi limodzi, ndipo sanaphonyepo. Amake amawerenga, ngakhale amadziwa kuti kuwerenga sikugwira munthu.

Chifuwa chalira kawiri. Koyamba kamankhwala kanakwanira. Kachiwiri sikanakwanire, ndipo chitseko chimene anagogoda chinali cha alamu. Anabwera ndi galimoto ya kuntchito atavala malaya mopindula, anayendetsa mpaka kuchipatala osanena nthabwala ngakhale imodzi, anakhala pa benchi mpaka mwanayo atapuma bwino. Pobwerera anangoti, "Alamu, nkhani ya asing'anga ija ndinkangocheza." Iye anati akudziwa.

Pa msomali wa pabalaza pakolekedwa pulasitiki ija ya kutsogolo. Sanaitaye. Ukaiyang'ana chapatali ndi yoyera, yopanda kanthu, koma dzuwa la masana likaigunda pamaoneka mthunzi wa dzina la aphunzitsi, wotuwa, ndi kamchira ka saini kaja pansi pake. Loweruka madzulo akaweruka amaipukuta fumbi, amaika foni pa chaja ngakhale ili yodzaza, n'kukhala pansi kuti mapazi aphwe.